Nyumba Nja Boma, Koma za M'katimo Nza Mwini Wake

Mwa anthu ogwira ntchito m'maofesi a Boma ndi m'masukulu, ambiri ndithu amagona m'nyumba zimene sanamange okha. Mphunzitsi amapatsidwa nyumba ya pasukulu, wapolisi amakhala ku laini, namwino ali pafupi ndi chipatala, ndipo kalaliki wa ku Capital Hill amachita lendi ku Area 18 kapena ku Kawale. Denga likadontha, onsewa amadziwa kumene angakadandaule, pakuti dengalo lili ndi mwini wake. Koma pali funso lina limene ochepa okha amadzifunsa. Moto ukabuka usiku, kapena mbala zikathyola chitseko banja lonse lili ku maliro kumudzi, ndani adzabweza mipando, mabulangete, firiji, mabuku, ndi mphete ya ukwati imene mayi anaisiya m'kabati? Yankho lake nlalifupi. Mwini nyumba adzakonza makoma ake, koma za m'katimo sizimkhudza. Ndipo ngakhale iye atakhala kuti anaika nyumbayo pa inshuwaransi, pangano lakelo limathera pa njerwa, malata, zitseko ndi mazenera.

Chimene chimateteza za m'katimo ndi pangano lina lapadera, la inshuwaransi ya katundu wa m'nyumba. Pangano limeneli lili ndi phindu lenileni, komanso lili ndi mbuna zimene zagwetsa anthu ophunzira bwino, ndipo mbunazo zakumbidwa makamaka pa malo awiri: pa kawerengedwe ka katundu wa masiku onse, ndi pa kalembetsedwe ka tinthu tating'ono ta mtengo wapatali monga mphete, ndolo, mawotchi ndi mikanda ya golide.

Mlembi amene anakwirira tchizi

Amene angayese kuti vutoli nlatsopano amve za mlembi wina wa Boma wa ku London. Dzina lake anali Samuel Pepys, ndipo ankagwira ntchito mu ofesi yoyang'anira zombo zankhondo za Mfumu Charles II. Monga alembi ambiri a masiku ano, iyenso ankakhala m'nyumba ya ntchito, mu msewu wotchedwa Seething Lane. Mbandakucha wa Lamulungu, pa 2 Sepitembala 1666, moto unabuka m'nyumba yophikiramo buledi mu Pudding Lane, ndipo mphepo ya kum'mawa inaukankhira mu mzinda wa nyumba zamatabwa zothithikana. Unayaka masiku anayi, ndipo unatentha nyumba zoposa 13,000, matchalitchi 87, pamodzi ndi tchalitchi chachikulu cha St Paul's.

Pepys ankalemba buku la zochitika za tsiku ndi tsiku, ndipo bukulo likusonyeza bwino kumene mtima wake unali. Sanataye nthawi kulirira makoma, pakuti makomawo sanali ake. Lolemba kusanache anakweza ndalama, ziwiya zasiliva ndi katundu wake wabwino pa ngolo yobwereka, nakwera yekha atavala zogonera, kukazisungitsa kwa mnzake ku Bethnal Green. Tsiku lotsatira iye ndi anzake a mu ofesi anakumba maenje m'munda wa pakhomo. M'dzenje lina anaikamo mapepala a ntchito, ndipo m'linalo anakwirira vinyo ndi tchizi wake wa ku Italy. Golide wake, wa mapaundi oposa 2,000, anamuthawitsa pa bwato kupita ku Woolwich pamodzi ndi mkazi wake. Motowo unalekera pafupi ndi msewu wake, nyumbayo inapulumuka. Koma mu 1673 moto wina unaitentha ndithu.

Anthu akhala akuseka nkhani ya tchiziyo zaka zambiri, koma mlembiyo sanali wopusa. Anazindikira kuti chuma cha m'nyumba chili pawiri, golide amene amabisidwa m'bokosi ndi zinthu wamba zimene zimadyedwa, kuvalidwa ndi kugonedwa, ndi kuti moto susankha.

Masiku amenewo ku London kunalibe kampani imene ikanambwezera kanthu. Cha m'ma 1680, Nicholas Barbon, amene anaphunzira udokotala koma nkulemerera pa kumanga nyumba, anatsegula ofesi ya inshuwaransi ya moto mumzindamo, ndipo eni nyumba zamatabwa ankalipira kawiri mtengo umene ankalipira eni nyumba zanjerwa. Komatu ofesiyo inkateteza nyumba zokha. Munthu wa lendi anadikira kufikira zaka zoyamba za m'ma 1700, pamene makampani monga Sun Fire Office, imene inakhazikitsidwa mu 1710, anayamba kulandiranso katundu wa m'nyumba ndi wa m'masitolo. Za umbava zinachedwa koposa. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 pamene Cuthbert Heath, wa pa msika wa inshuwaransi wa Lloyd's, anavomera kuteteza katundu wa m'nyumba kwa mbala zothyola, ndipo iye yemweyo ndiye anayambitsanso pangano loteteza zodzikongoletsera za mtengo wapatali ku kutayika kwa mtundu uliwonse. Chotero zigawo zitatuzi, cha moto, cha umbava, ndi cha kutayika kwa tinthu ta mtengo, zinabadwa pa nthawi zosiyana, ndipo kufikira lero msoko wake umaonekabe. Munthu angathe kukhala ndi chigawo chimodzi nkumayesa kuti ali nazo zonse.

Thumba limodzi la anthu ambiri

M'Malawi muno inshuwaransi imene anthu ambiri amaidziwa ndi ya galimoto, pakuti lamulo la pamsewu limaikakamiza ndipo apolisi amaifunsa pa rodibuloko. Ya katundu wa m'nyumba palibe amene amaikakamiza, kotero ochepa okha ndiwo anaimvapo, ngakhale makampani a ntchitoyi akhala m'dziko muno zaka zambiri. National Insurance Company, imene tsopano imadziwika kuti NICO, inayamba mu 1971.

Kayendetsedwe kake nkosavuta kumva kwa munthu amene anakhalapo m'chipereganyu kapena m'bungwe lothandizana pa maliro. Mabanja ambirimbiri amaponya kandalama kochepa chaka ndi chaka m'thumba limodzi. Ochuluka a iwo chaka chidzatha osaona tsoka, ndipo ndalama yawo sidzabwerera. Koma ochepa aja amene moto kapena mbala zawachezera adzathandizidwa kuchokera m'thumbamo. Kusiyana kwake ndi chipereganyu nkwakuti pano palibe kulandira mosinthana, ndipo wamwayi ndiye amene sanalandireko konse. Ichi ndicho chimawawitsa mtima anthu ambiri, amene amati ndalama yawo yalowa m'madzi. Koma palibe munthu amene amalipira mlonda nkudandaula m'mawa kuti mbala sizinabwere.

Kuwerenga katundu

Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale akafunsidwa kuti katundu wa m'nyumba mwake ngwa ndalama zingati, kawirikawiri amatchula wailesi ya kanema, firiji ndi mipando ya pabalaza, nalekera pomwepo. Zimenezo nzimene anagula ndi ngongole, nchifukwa chake mtengo wake sunaiwalike. Koma atati atenge kope ndi pensulo, nayambira kuchipinda, angadabwe kwambiri. Kumeneko kuli mabedi atatu kapena anayi ndi matiresi ake, mabulangete, nsalu zofunda ndi masikito. Kuli masuti awiri a ku ntchito ndi nsapato zake. Kuli zitenje za mayi zimene zadzaza sutikesi, zina zosavalidwapo, zongodikira ukwati wa mwana. Kuli mayunifolomu a ana a sekondale amene anaguliridwa pa mtengo wowawa mwezi wotsegulira sukulu. Kukhitchini kuli mapoto, mbale, makapu, zidebe, mbaula, kuka ya magetsi ndi simbi. Pakhonde pali njinga ndi makasu, ndipo m'chipinda chosungiramo muli matumba a chimanga cha chaka chonse. Ndiyeno pali mabuku amene mwini wake wakhala akuwasonkhanitsa chichokere ku koleji ya aphunzitsi, foni za onse a m'banjamo, kompyuta, ndi batire la magetsi a dzuwa.

Pa zinthu zimenezi nzochepa zimene zili zodula pazokha, ndipo nchifukwa chake siziwerengedwa. Zinalowa m'nyumba chimodzichimodzi pa zaka makumi awiri, mbale pa tsiku la ukwati, bulangete pa malipiro a mwezi wa Juni, kabati pa ndalama ya kuchonga mayeso. Koma moto suzitenga chimodzichimodzi. Umazitenga zonse usiku umodzi, ndipo m'mawa mwake banja liyenera kuyamba kugula zonsezo pa mtengo wa lero ndi malipiro a mwezi umodzi. Apa ndipo pagona phindu lalikulu la inshuwaransi kwa munthu wa malipiro a pamwezi. Si pa mphete kwenikweni, koma pa mapoto ndi mabulangete.

Kuwerenga kopereweraku kuli ndi chilango chake, chimene m'mapangano ambiri chalembedwa pansi pa mawu akuti average. Tanthauzo lake limamveka bwino ndi chitsanzo cha masamu, monga aphunzitsi amakondera. Katundu yense wa m'nyumba ina ngwa K10 miliyoni, koma mwini wake, pofuna kuchepetsa ndalama yolipira pachaka kapena chifukwa chosawerenga bwino, walembetsa K5 miliyoni. Moto wawononga khitchini ndi chipinda chimodzi, katundu wa K4 miliyoni. Mwiniyo akuyembekeza kuti alandira K4 miliyoni yonse, popeza sinafike pa K5 miliyoni imene analembetsa. Kampani idzayankha kuti iye analipirira theka lokha la katundu wake, choncho pa theka linalo anadziteteza yekha, ndipo idzampatsa K2 miliyoni. Pa ndalama imeneyo idzachotsaponso gawo loyamba limene mwini katundu amasenza yekha pa tsoka lililonse, limene limatchedwa excess. Munthuyo adzatuluka mu ofesi akunena kuti wabedwa kachiwiri, pamene zonsezi zinalembedwa m'chikalata chimene anasaina osawerenga.

Mbuna imeneyi ndi yakuya kwambiri m'dziko limene mitengo imathamanga. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi ya ku America, imene inali pa K1,180, inafika pa K1,700. Mafiriji, makompyuta, mafoni ndi zovala zambiri zimachokera kunja, ndipo mitengo yake inatsatira. Banja limene linawerenga katundu wake moona mtima mu 2021, nkumangolipira chaka ndi chaka osasintha chiwerengerocho, linapezeka kuti lateteza kagawo kochepa ka chuma chake popanda kunama kulikonse. Chiwerengero cha katundu chili ngati kaundula wa ana a sukulu. Chimafuna kulembedwanso chaka chilichonse.

Pali funso linanso loyenera kufunsa asanasaine: kodi kampani idzalipira mtengo wogulira chinthu chatsopano, kapena mtengo wa chakalecho monga chinalili tsiku la tsoka? Firiji ya zaka khumi imaziziritsa bwinobwino, koma pa msika mtengo wake ngwochepa, ndipo ndalama imeneyo singagule ina. Pangano lolipira mtengo wa chatsopano limadula kuposa linalo, ndipo limafuna kuti katundu yense awerengedwe pa mitengo ya m'sitolo ya lero. Ngakhale pamenepo, zovala ndi zofunda kawirikawiri zimachotseredwa mtengo wa kutha kwake.

Za mphete, ndolo ndi mikanda

Tsono za zodzikongoletsera. Mbala imene yalowa m'nyumba imaona firiji koma imaganiza za msana wake. Mphete ndiyo imalowa m'thumba la malaya. Ilibe nambala monga njinga yamoto kapena foni, ndipo ikasungunulidwa palibe amene angaizindikire. Imatayikanso mosavuta popanda mbala konse, m'beseni lochapira, m'munda, kapena m'madzi a ku nyanja. Makampani amadziwa zonsezi, ndipo amadziwanso kuti nkwapafupi munthu kunena kuti anali ndi mkanda wa golide umene sanakhale nawo. Chifukwa chake amaika malire awiri.

Malire oyamba ndi a zinthu zonse za mtengo wapatali pamodzi, ndiko kuti golide, siliva, miyala, mawotchi ndi zina zotero. M'mapangano ena sizingapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chiwerengero chonse cha katundu. Malire achiwiri, amene amapweteka kwambiri, ndi a chinthu chimodzi pachokha. Pangano limanena ndalama imene kampani singapitirire pa chinthu chimodzi chimene sichinatchulidwe ndi dzina. Mphete ikakhala ya mtengo woposa malirewo, ndipo mwini wake anangoiphatikiza m'chiwerengero chonse pamodzi ndi mapoto, adzalandira malire okhawo, ngakhale katundu yense analembetsedwa mokwanira. Njira yake ndiyo kuitchula payokha pa chikalata: ndi ya golide wotani, imalemera magalamu angati, ili ndi mwala wanji, inagulidwa kuti ndi liti. Apa pamafunika lisiti, kapena kalata ya katswiri wodziwa mitengo ya zinthu zotere, ndi chithunzi chooneka bwino.

Mwini mphete angathe kuyamba yekha kufufuza poyang'ana m'kati mwake, momwe kawirikawiri mumadindidwa timanambala. Nambala ya 375 imatanthauza golide wa makarati 9, ndiko kuti m'magawo 1,000 a chitsulocho magawo 375 okha ndiwo golide weniweni. 750 ndi wa makarati 18, amene magawo atatu mwa anayi ali golide. Mphete ziwiri zonyezimira mofanana zingasiyane kutali pa mtengo chifukwa cha timanambala timeneti. Ndipo mtengo wa golide suima. Pa misika ya kunja aunsi imodzi, imene ili ngati magalamu 31, inapitirira madola 2,000 kwa nthawi yoyamba mu Ogasiti 2020, ndipo mu Malichi 2025 inapitirira madola 3,000. Kukwera kumeneku kukaphatikizana ndi kugwa kwa kwacha, kalata ya mtengo imene inalembedwa zaka zisanu zapitazo imasanduka pepala lachabe.

Chinanso nchakuti inshuwaransi ya katundu wa m'nyumba imateteza katunduyo ali m'nyumbamo, pamene mphete, wotchi ndi foni zimakhala pa thupi la mwini wake tsiku lonse. Mkanda ukathotholedwa pakhosi pa depoti ya mabasi, pangano wamba silidzalipira. Pamafunika chigawo china chija chimene Heath anayambitsa, chotchedwa all risks, chimene chimatsatira chinthucho kulikonse kumene chapita, ndipo chimalipiridwa padera. Nachonso chili ndi timawu take. Ndolo imodzi ikatayika, makampani ambiri amalipira mtengo wa imodzi yokhayo, ngakhale aliyense akudziwa kuti palibe mayi amene angapite ku tchalitchi ndi ndolo ya khutu limodzi. Ena amalamula kuti zinthu zopitirira mtengo wakutiwakuti zizikhala m'sefa yokhoma pamene sizikuvalidwa, ndipo zikabedwa zili m'mbale ya pa kabati sadzalipira. Ndalama zosungidwa pansi pa matiresi zimalipiridwa pang'ono pokha kapena osalipiridwa konse. Malo ake ndi ku banki.

Pano payenera kunenedwa chinthu chimene wogulitsa inshuwaransi sangafulumire kunena. Mphete zambiri za m'nyumba za aphunzitsi ndi makalaliki ndi zasiliva kapena zongokutidwa ndi golide, ndipo mtengo wake sufika pa malire aja. Zimenezo sizifuna kulembetsedwa padera, ndipo kulipirira all risks pa izo nkungotaya ndalama. Amene ayenera kusamala ndi amene ali ndi golide weniweni, kapena wotchi yodula imene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg kapena ku Britain. Ndiponso palibe kampani imene imalipira chikumbutso. Mikanda imene agogo anasiya ingakhale ya mtengo wochepa pa msika, koma nkukhala chinthu chimene banja lingalire koposa zonse. Kampani idzapereka mtengo wa pa msika, ngati idzapereka kanthu, ndipo idzalekera pomwepo. Chimodzimodzinso zithunzi zakale, makalata a makolo ndi masatifiketi a mayeso. Zoterezi zimatetezedwa ndi bokosi lachitsulo ndi kusamala kwa mwini wake.

Timawu tating'ono ta kuseri kwa chikalata

Pangano la inshuwaransi limayima pa kunena zoona. Mfundo imeneyi ndi yakale. Woweruza wa ku England, Lord Mansfield, anaifotokoza mu 1766 pa mlandu wa Carter ndi Boehm, kuti wopempha inshuwaransi ndiye amadziwa zinthu zake, choncho sayenera kubisa kanthu kamene kakanasintha maganizo a kampani. Nyumba yofolera ndi udzu ikalembedwa kuti nja malata, kapena mwini katundu akabisa kuti mbala zinamthyolerapo kawiri, kampani ingathe kukana kulipira ngakhale ndalama ya pachaka inkaperekedwa mokhulupirika. Mwambo wa Barbon uja udakalipo: chimene chimayaka msanga chimalipitsa kwambiri.

Pa umbava, mapangano ambiri amalipira pokhapokha pali chizindikiro cha kuthyola, monga loko wophwanyidwa, zitsulo za pazenera zopindidwa kapena khoma lobooledwa. Zovala zimene zasowa pa chingwe, foni imene wodutsa wanyamula pa tebulo chitseko chili chotsegula, ndi ndolo zimene zazimirira m'nyumba mmene munali achibale ndi antchito okhaokha, kawirikawiri sizilipiridwa. Zowonongeka pang'onopang'ono nazonso zili kunja: chiswe chimene chadya kabati, makoswe, njenjete, dzimbiri ndi chinyezi. Wailesi ya kanema imene yapsa magetsi atabwera mwamphamvu ingalipiridwe kapena ayi, malinga ndi mmene pangano lanenera, ndipo limeneli ndi funso loyenera kufunsa mwachindunji. Katundu wa bizinesi ali ndi pangano lakelake. Makina osokera amene mayi amapezera ndalama, firiji yogulitsira zoziziritsa kukhosi, ndi makatoni a sopo a pa okala ya kuseri kwa nyumba, zonsezi ziyenera kuululidwa poyamba.

Timawu tiwiri timakhudza antchito a Boma koposa ena. Koyamba ndi ka nyumba yosiyidwa yokha. Mapangano ambiri amachepetsa kapena kuimitsa chitetezo cha umbava nyumba ikakhala yopanda munthu masiku 30 kapena 60 otsatizana, ndipo mphunzitsi wopita kumudzi pa tchuthi chachitali, kapena ofesala wotumizidwa kukaphunzira kunja, ayenera kudziwitsa kampani asananyamuke. Kachiwiri ndi ka kusamutsidwa. Kalata ikabwera yakuti wakutiwakuti achoke ku Nsanje apite ku Karonga, katundu yense wa zaka makumi awiri amakwera lole imodzi, nayenda ulendo wa makilomita mazanamazana pansi pa tenti yong'ambika. Pangano linalembedwa pa nyumba ya ku Nsanje. Pa msewu katunduyo angakhale wopanda chitetezo, ndipo ku Karonga sadzatetezedwa kufikira kampani itauzidwa za nyumba yatsopanoyo.

Pamene dera lonse lagwa m'tsoka

Wina angatsutse kuti Amalawi ali nayo kale inshuwaransi yawo, ndiyo abale, mpingo ndi anzawo a ku ntchito. Nzoona, ndipo si chinthu chochipeputsa. Nyumba ya mphunzitsi ikapsa, kope limayenda m'chipinda cha aphunzitsi, amayi a mvano amabwera ndi ufa, uyu bulangete, uyo poto, pakuti mutu umodzi susenza denga. Palibe kampani imene imafika msanga chotero kapena kukhala ndi banja usiku woyamba uja. Koma thandizo limeneli limagwira ntchito pamene wagwa ndi mmodzi ndipo ena onse ali chilili.

Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa mvula yoopsa m'chigawo cha kummwera. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche nkukokolola nyumba ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre. Anthu mazana ambiri anafa m'maboma osiyanasiyana, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Woyandikana naye amene akanapereka bulangete anali nayenso pa msasa wa pasukulu, atavala zimene anathawa nazo. Boma, kudzera mu nthambi yake yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, pamodzi ndi mabungwe ndi maiko ena, linapereka chakudya, mahema ndi zofunda, pakuti udindo woyamba ndi kupulumutsa moyo. Koma palibe Boma pa dziko lapansi limene lingagulire banja lililonse firiji, mabedi ndi mabuku. Thumba la kampani limatha kupirira tsoka lotere chifukwa limasonkhedwa m'madera ambiri, ndipo makampaniwo nawonso amadziteteza ku makampani akuluakulu ena.

Nzoonanso kuti ambiri mwa amene anavutika anali anthu osauka amene sakanatha kulipira inshuwaransi ya mtundu uliwonse, ndipo kungakhale kupanda chifundo kuwanena kuti analakwa. Inshuwaransi si mankhwala a umphawi. Nkhaniyi ikukhudza munthu amene ali ndi malipiro okhazikika ndi katundu amene sangathe kumgulanso m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Iyeyo ayenera kuona ndi maso ake ngati mphepo yamkuntho ndi kusefukira kwa madzi zatchulidwa m'chikalata chake, ndipo ngati amakhala m'tsinde mwa phiri afunsenso za kugumuka kwa nthaka, pakuti m'mapangano ena kumeneko kumaima pakokha.

Tsiku la tsoka likafika

Inshuwaransi igulidwe kwa kampani kapena mkhalapakati amene ali ndi chilolezo. Zilolezozo zimaperekedwa ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo ofesi yomweyo imalandira madandaulo a anthu amene alephera kumvana ndi kampani yawo. Wolipira atenge lisiti ndi chikalata chenicheni cha pangano, pakuti lonjezo la pakamwa silidzamthandiza, ndipo chikalata chimene ndalama yake sinalipidwe chili ngati mfuti yopanda chipolopolo.

Mbala zikathyola, apolisi adziwitsidwe tsiku lomwelo ndipo kalata yawo itengedwe. Kampani nayo iuzidwe m'masiku amene pangano lanena. Zotsala za moto, chitseko chothyoledwa ndi matiresi onyowa zisatayidwe kapena kukonzedwa munthu wa kampani asanabwere kudzaona, kapena zisanajambulidwe. Ndipo mwini katundu apewe chiyeso chowonjezera pa mndandanda kompyuta imene sanakhale nayo, pakuti bodza limodzi likagwidwa lingathe kugwetsa pempho lonse, pamodzi ndi zoona zomwe.

Chimene munthu wa kampaniyo adzafunse ndi umboni wakuti zinthuzo zinalipodi. Banja limene langoona nyumba yake ikupsa silingakumbuke kuti linali ndi mapoto angati. Nchifukwa chake kope lija, limene linayambira kuchipinda nkuthera pakhonde, liyenera kulembedwa tsiku la mtendere, pamodzi ndi malisiti, manambala a kuseri kwa wailesi ndi kompyuta, ndi zithunzi za chipinda chilichonse makabati ali otsegula. Kope limeneli likasungidwa m'kabati momwemo lidzapsa pamodzi ndi kabatiyo. Limodzi likhale ku ofesi kapena kwa mbale wa kutali, ndipo zithunzizo zitumizidwe pa intaneti kwa munthu wodalirika, osati kungotsala m'foni imene mbala idzayambe kunyamula.